Nyimbo ya Mtaliyana Pamtondo wa Setilida

Amene anandilakwira ndi Lapukeni, ndipo anandilakwira m'chilimwe cha chaka chimene Ataliyana ankathira phula pamsewu wodutsa kumudzi kwa apongozi anga. Ndayamba ndi dzina lake dala, kuti ndikasochera m'nkhaniyi, monga ndimasocherera masiku ano, dzinalo likhale litamveka kale.

Ine ndinali m'gulu lowiritsa phula. Tinkaliphika m'migolo, utsi wake n'kutidetsa mpaka m'makutu. Lapukeni anali mnzanga wa kuubwana, koma iye anapeza ntchito ya pamthunzi. Ankaphikira Bwana Otaviyo, mkulu wa kampu yathu, Mtaliyana wamfupi waubweya m'manja. Pokhala m'khitchini anatolako timawu ta Chitaliyana, ndipo tonse tinamusandutsa womasulira wathu. Mzungu akakalipa tinkayang'ana Lapukeni. Akati, "Akuti ndinu aulesi," tinkavomera. Akati, "Akuti mawa kulibe ntchito," tinkagona. Palibe anafunsapo kuti Chitaliyana chakecho chimathera pati.

Bwana Otaviyo anali ndi galamafoni, koma mbale imene ankaikonda inali imodzi. Dzuwa likafika paliwombo, makina atazima, ankakhala pansi pa lona n'kuiika. Munkaimba mwamuna wa mawu okoka, ngati munthu woyenda mumchenga. Mzungu uja ankasiya kudya, n'kumangoyang'ana kumene msewu unali usanafike, misozi ikulengeza m'maso. Ikatha ankaibwezanso. Nyimbo ija inatilowa m'mutu monga linatilowera fungo la phula.

Nthawi imeneyo ndinali nditatomera Setilida, mtsikana wa m'mudzi wa pafupi ndi kampu, wakuda bii, wa kampata m'mano. Chikole ndinali nditapereka, ankhoswe anali atakumana, kunangotsala kutchula tsiku. Ndikaweruka ndinkapita kukagalauza m'munda mwa amayi ake, kuti mvula ikadzagwa adzaone okha kuti mkamwini wawo si wa pakamwa pokha.

Tsono kwathu mkazi sakuuza mawu olemera pamaso. Amadikira ufike pafupi ndi mtondo, ndiye amawaika m'nyimbo, munsi n'kumavomereza. Mwamuna waulesi amaimbidwa, mpongozi woumira amaimbidwa, mkazi wolanda amuna a eni amaimbidwa. Nyimbo ya pamtondo ili ndi mwini wake nthawi zonse. Mwini wakeyo amadutsa ngati sanamve, koma wamva, ndipo mudzi wonse wadziwa kuti wamva.

Tsiku lina ndikudutsa ndi khasu paphewa, ndinapeza Setilida akusinja yekha. Atandiona anadula nyimbo imene ankaimba, n'kuyamba ya Mtaliyana ija. Anaiimba yonse, lilime likupunthwa m'mawu achilendo, maso ali pa ine. Kuseri kwa nkhokwe kunamveka atsikana akuseka chobisa. Ndinadutsa ngati sindinamve.

M'mawa mwake ndinapeza Lapukeni kuseri kwa khitchini akusenda anyezi.

"Aise, nyimbo ya bwana ija imati chiyani?"

"Waifuniranji lero?"

"Setilida amaiimba dzulo posinja."

Anaika mpeni pansi. "Amayang'ana kuti?"

"Kwa ine."

"Panali anthu?"

"Kuseri kwa nkhokwe."

Anapukusa mutu nthawi yaitali. Maso ake anali ndi misozi, ndipo ine ndinaiwala kuti munthuyo akusenda anyezi.

"Ndisakuuze, mnzanga. Zina ndi bwino kungomva kulira kwake."

"Nena."

"Imati, iwe unali mwamuna wa m'chilimwe. Unali wabwino kukutentha, kulibe chochita. Tsopano mvula yayandikira, pinda mphasa yako, usadikire kuti ndikuuze pa anthu."

"Setilida angadziwe bwanji zimenezo?"

"Akazi amabwera kuno ndi mazira. Amafunsa. Ine nditani, ndizibisa?"

Mkamwini wothamangitsidwa ndi nyimbo sabwerera kukafunsa, chifukwa akafunsa amamuimbira yachiwiri, ya dzina. Ndinapita kumunda, ndinamaliza mzere umene ndinausiya pakati, ndinaimika khasu kumapeto kwake kuti asadzati ndinaba. Kenaka ndinakwera lole yobweza migolo yopanda kanthu. Nyimbo yokha ndi imene ndinanyamula.

Ndinayenda. Sindikumbukira kuti ndinatsikira pati. Ndikukumbukira phiri, ndi mishoni m'munsi mwake, ndi dzenje lalikulu la dothi lofiira kumene anthu ankaumba njerwa zomangira tchalitchi. Anandipatsa chikombole. Ndinaphunzira kuponda dothi mpaka litasiya kudandaula pansi pa mapazi, kuyala njerwa padzuwa, kumanga uvuni ndi kuusonkhezera. Ndinaphunziranso kuti njerwa yofiira bwino kunja imatha kukhala yaiwisi m'kati. Suikhulupirira ndi maso. Umaigogoda, umve.

Kumeneko kunafika munthu wa m'gulu lathu la phula, akufuna ntchito. Ndi iye anandiuza, akutafuna nzimbe, kuti msewu unatha, Ataliyana anapita, ndipo Lapukeni analowa chikamwini kwa amayi ake a Setilida mvula yoyamba isanaume. Anati anapeza munda wogalauza kale, anangodzala.

Ndinabwerera m'dzenje la dothi. Kenaka ndinayamba kugogoda mawu a Lapukeni monga timagogodera njerwa.

Wansembe woyang'anira zomanga anali Mtaliyana wokalamba wa ndevu zofika pachifuwa. Ndinamudikira pomwe ankayeza maziko ndi chingwe.

"Abambo, ndili ndi nyimbo ya kwanu. Ndikufuna mundimasulire."

"Imba, mwana wanga."

Ndinaimba. Nthawi imeneyo mawu ake ndinali nawo onse. Wansembe uja anamwetulira, kenaka anabisa kumwetulirako m'ndevu.

"Imeneyo si nyimbo ya munthu womanga tchalitchi. Ndi ya anyamata a kwathu. Imanena za nyanja yamchere, za nyengo yotentha, ndi za mtsikana amene anapita."

"Anapita, kapena anathamangitsa munthu?"

"Anangopita."

"Mwamunayo dzina lake ndani?"

"Alibe dzina."

"Nanga ikunena yani?"

"Sikunena munthu. Ndi nyimbo chabe. Gwira chingwechi apo."

Ndinagwira chingwe, koma ndinaona kuti poyankha ankayang'ana kumbali. Wansembe ntchito yake ndi kuphimba zoipa kuti anthu asamenyane. Ndipo ndani anamvapo nyimbo yopanda mwini? Uvuni wotsatira usanazizire ndinachoka. Ndinasiyako msana wanga wowongoka, chifukwa kuchokera m'dzenje lija sindinaimenso chilili monga kale.

Ndinayenda. Misewu yonse inkafanana. Paliponse pamene basi inkaima panali mtengo wa mango, pansi pake mayi wogulitsa mazira owiritsa, ndi galu wogona amene ankatsegula diso limodzi. Zaka zinkadutsa ngati mitengo ya m'mbali mwa msewu. Ndinasoka fodya m'zigafa, ndinakumba zitsime, ndinalondera sitolo za amwenye. Kulikonse ndinkafunsa ngati kuli Mtaliyana.

Anandilozera tauni ina ya fumbi, kumene mayi wamasiye, Dona Karimela, anali ndi nyumba yophikira buledi. Anandilemba ntchito yokanda ufa. Ndinaphunzira kuti yisiti safuna madzi otentha kapena ozizira, kuti ufa wokandidwa umafuna kuufunditsa ngati mwana, ndi kuti buledi wotupa kwambiri ndi amene ali ndi mphepo yambiri m'kati. Anthu ankasankha yemweyo.

Sindinawafunse msanga. Ndinawayang'anitsitsa kaye nyengo yonse ya dzinja kuti ndione ngati amanama pa zinthu zing'onozing'ono. Sikelo yawo inali yoona. Ndiye m'mawa wina, manja ali m'ufa, ndinangoyamba kuimba ngati mwangozi. Mawu ena anali atagwa kale m'njira, ndinkadzazamo ndi kung'ung'udza.

Dona uja anasiya kuwerengera mabanzi m'dengu. Anakhala pathumba la ufa, n'kuyamba kulira.

"Waitenga kuti iwe?"

"Ndinaitola pamsewu, Adona. Imati chiyani?"

Anapukuta maso ndi epuloni. Chichewa chawo chinali cholemera koma chomveka.

"Ndi mwamuna. Wabwerera kugombe la nyanja nyengo yotentha itatha. Anthu onse apita. Maambulera apindidwa, mipando aisanjikiza, kanyumba kogulitsa zozizira atseka. Iye akuyenda pamchenga pamene ankayenda ndi mtsikana. Mtsikanayo anakwera sitima, anabwerera kumzinda kwawo. Anati adzabweranso. Mwamunayo akudziwa kuti sadzabwera."

"Ndiye akumutukwana."

"Ayi. Sakumuimba mlandu. Akuti nyengoyo ndi imene inali yaifupi."

"Munthu angadandaulire nyengo? Nyengo inamulonjeza chiyani?"

"Ndi momwe imanenera."

"Nanga akuimbira yani?"

"Akudziimbira yekha."

"Adona, munthu saimba yekha nyimbo yotere. Alipo wina akumva kuseri kwa mpanda. Ankhoswe awo anati chiyani mtsikanayo atakwera sitima?"

Anaseka misozi ili m'masaya. "Kunyanja kulibe ankhoswe, bambo iwe."

"Mulibe mawu akuti pinda mphasa yako?"

"Mulibe."

"Akuti usadikire ndikuuze pa anthu?"

"Mulibe. Kanda ufawo, ukuuma."

Ndinakanda. Koma ndinaganiza kuti munthu amene walira ndi nyimbo ndiye kuti ikunena iyeyo, ndipo aliyense amakonza nyimbo yonena za iye kuti imukomere. Ndinaganizanso kuti mawu awo akufanana kwambiri ndi a wansembe uja. Anthu awiri akanena zofanana, kapena ndi zoona, kapena anakumana. Azungu m'dziko lino ndi ochepa, amadziwana onse.

Patapita masiku, ndikusuzumira pakhomo la kuuvuni, ndinaona mwamuna akugula buledi atandipatsa msana. Chipewa chake, mapewa ake, kaimidwe kake kotsamira mwendo umodzi, zonse zinali za Lapukeni. Anayankhula ndi Dona nthawi yaitali, onse n'kuseka. Nditatuluka anali atapita. Dona anati ndi munthu wodzakonza mapaipi. Ndinavula epuloni, ndinachoka tsiku lomwelo. Kumeneko ndinasiyako ntchito yokhayo m'moyo wanga imene sindinagonepo ndi njala.

Ndinayenda. Mtengo wa mango unalipo, mayi wa mazira analipo, koma tsopano anali wamng'ono kwa ine, ankandiitana kuti "bambo". Galu ankatsegula diso lomwe lija. Kwina ndinakhala ndi mkazi, munthu wabwino wogulitsa makala. Ankakonda kung'ung'udza akamachapa. Ine ndinkasiya chimene ndikuchita n'kumvetsera.

"Ukunena yani?"

"Sindikunena munthu, bambo. Ndikungoimba."

"Palibe kungoimba."

Anapirira dzinja limodzi kapena awiri. Kenaka anasiya kuimba. Kenaka anapita kwawo. Sanandiimbire nyimbo yotsanzika, ndipo ndinaona kuti ngakhale kukhala chete kwakeko kunali ndi mwini.

Pafupi ndi malire a dziko kunali galaja ya munthu wotchedwa Jakomo. Bambo ake anali Mtaliyana wa esiteti ya fodya, mayi ake anali munthu wa konkuno. Anali wonenepa, woseka ndi mimba yonse, wosavala nsapato. Anandiika kotsuka zitsulo m'mafuta, kenaka anandiphunzitsa kugwira sipanala. Chimene ndinaphunzira kwa iye n'chakuti phokoso la injini silichokera pamene ukulimvera. Likamveka kutsogolo, funafuna kumbuyo. Kumeneko ndinasiyako chala cha mkombaphala, chinatsala pakati pa lamba ndi gudumu lake.

Ndili ndi bandeji kudzanja, sindingagwire ntchito, ndinamuimbira. Panali patatsala mawu ochepa, ngati mano a nkhalamba. Koma kaimbidwe kake anakazindikira.

"Aa! Nyimbo ya mdala wanga akaledzera!" Anamenya bonati ya galimoto, anavina pang'ono ndi mimba yake. "Waikumba kuti imeneyi, achimwene?"

"Ikunena yani?"

"Ikunena aliyense wogula mbale. Tamvera. Kwa abale a bambo anga, mwezi wotentha ukafika dziko lonse limatseka. Sitolo, mafakitale, zonse. Anthu amathamangira kunyanja kukagona pamchenga ngati ng'ona. Anyamata ndi atsikana amakondana kumeneko, onse akudziwa kuti mweziwo ukatha zatha. Ndiye chaka chilichonse wina amapeka nyimbo yolira za chimenecho, amagulitsa ngati shuga. Chaka chamawa ina. Amene anapeka yakoyi mwina anali ndi mkazi wake kunyumba ndi ana asanu, akulira pambale, akudya nyama."

"Amakondana akudziwa kuti zitha?"

"Eya."

"Makolo akuona?"

"Makolo ali pambali akudya chivwende."

"Ndiye bwana wathu Mtaliyana, pantchito ya phula, ankaliriranji akaimva?"

"Ankalirira kwawo. Munthu wazunguliridwa ndi fumbi ndi migolo ya phula, ulekerenji kulira?"

Ndinamuuza zonse, koyamba m'moyo wanga. Za mtondo, za anyezi, za khasu. Anasiya kuseka.

"Mphasa? M'menemo mulibe mphasa, mulibe mvula, mulibe wothamangitsa mnzake. Ndiponso woimbayo ndi mwamuna wosiyidwa, si mkazi wosiya. Achimwene, kandimverere ananena za m'maluwa. Mnzakoyo anakudyera masuku pamutu."

Munthu wachitatu anali atanena zomwezo, ndipo uyu analibe tchalitchi choteteza kapena misozi yobisa. Ndinavomera kuti Lapukeni anandinamiza. Koma mtima sunakhale pansi, unangosuntha malo, ngati phokoso la injini lija. Setilida Chitaliyana sankachidziwa. Iye poimba ankati akunena chiyani? Ngati Lapukeni anamuuza bodza lomwe anandiuza ine, ndiye kuti Setilida anandithamangitsadi, anangobwereka munsi wa mzungu. Wansembe, Dona ndi Jakomo ankadziwa chimene nyimbo imanena kutsidya kwa nyanja. Chimene inkanena pamtondo paja ankachidziwa ndi munthu mmodzi.

Sindinapite msanga. Ndinkaopa yankho monga munthu amaopera kuvundukula bala. Ndinazungulirabe. Ndinaweta ng'ombe za eni, ndinasoka nsapato pakhonde la sitolo, ndinagulitsa mankhwala a makoswe. Tsiku lina m'basi munthu wina anandiyandikizira foni kukamwa, nati iyo imadziwa nyimbo zonse za pansi pano. Ndinang'ung'udza. Foni inati siikuidziwa. Sindinadabwe, nayonso inapangidwa ndi azungu. Pansi pa mtengo wa mango mayi wa mazira anayamba kundiitana kuti "agogo". Galu sankatsegulanso diso.

Nditaona kuti mawondo ayamba kukana, ndinakwera galimoto yolowera kumsewu wathu uja. Phula limene tinaphika linali litasweka ngati chikhatho cha mlimi. Magalimoto ankayenda m'mbali mwake, m'fumbi, kulisiya lokha pakati. M'mudzi munali nyumba za malata, ndi chigayo chikulira kumsika. Ndinayenda mudzi wonse osamva munsi ngakhale umodzi.

Anandilozera nyumba ya njerwa zowotcha. Pakhonde panali mayi wokalamba akusenda mtedza m'lichero.

"Odi."

"Lowani." Anandiyang'ana nthawi yaitali, dzanja lili pachipumi. Kenaka anatsegula pakamwa, ndipo ndinaona kampata kaja, kakulirapo. "Kodi ndinu? Mukadali moyo?"

"Ndikadali."

"Ife tinkati munathera kumigodi."

Anandipatsa mpando ndi madzi. Madziwo ndinawaika pansi osamwa.

"Ndabwera ndi funso limodzi, mayi."

"Zaka zonsezi funso limodzi? Anzanu amabwera ndi shuga."

"Nyimbo ija munandiimbira pamtondo."

"Iti? Ndaimba zambiri ine."

Ndinang'ung'udza. Mawu anali atatheratu, ndinali ndi fupa lokha la nyimbo. Manja ake anaima m'lichero. Kenaka phewa lake linayamba kukwera ndi kutsika ngati wagwira munsi, ndipo anaimba chapansipansi. Iye mawu anali nawo onse.

"Munkati mukunena chiyani?" ndinafunsa.

"Mukufunsa ine? Wogwira ntchito kwa azungu munali inu."

"Ndikufunsa."

Anatola mtedza, anauswa, sanandiyang'ane.

"Anandiphunzitsa ndi a Lapukeni. Ndinkapita kukampu ndi mazira. Tsiku lina ndinawadandaulira kuti anzanu aja akuchedwa kutchula tsiku, angolima, angolima, ngati anatomera munda. Iwo anati ilipo nyimbo imene akazi a Ataliyana amaimba pofulumizitsa mwamuna. Anati imati, chilimwe chikutha, bwera unditenge mvula isanagwe. Anati inu mumaimva tsiku lililonse, tanthauzo lake mukulidziwa bwino, ndikangokuimbirani mawa lomwe mutuma ankhoswe. Ndinaiphunzira movutika, lilime kuchita kutupa. Anzanga anabisala kuseri kwa nkhokwe kuti aone mmene muchitire manyazi. Ndinaimba. M'mawa mwake amayi anapeza khasu."

Ndinayang'ana m'maso mwake, kufunafuna pamene bodza labisala. Ndinayang'ana manja ake, ndinamvetsera kapumidwe kake. Ndagogoda anthu moyo wanga wonse, ndimadziwa kulira kwa njerwa yaiwisi. Sindinakumve.

"Ndinaona kuti yankho lanu ndi limenelo," anatero. "Mtsikana waitana mwamuna pa anthu, mwamunayo n'kuthawa. Anandiimba pamitondo yonse ya m'mudzi muno mpaka kukolola. A Lapukeni okha ndi amene sanandiseke."

Ndinamuuza zimene Lapukeni anandiuza ine. Mawu onse, monga anatulukira kuseri kwa khitchini. Anamvetsera. Nkhuku inabwera n'kujompha mtedza m'lichero, iye sanaiingitse.

"Mukanafunsa," anatero.

"Mkamwini safunsa."

"Nayenso namwali sathamangira lole."

Chigayo chinasiya kulira kumsika, kenaka chinayambanso.

"Nanga kwenikweni imati chiyani?"

Ndinamuuza za mwamuna wa kugombe, za maambulera opindidwa ndi mipando yosanjikiza, za mtsikana wokwera sitima, ndi kuti mwamunayo saimba mlandu munthu koma nyengo.

"Mwamunayo ndani?"

"Akuti alibe dzina."

"Bodza limenelo," anatero Setilida. "Anakubisirani."

Pamenepo panamveka belu la njinga. Anali Lapukeni, akuikankha chifukwa cha thupi, atavala jekete la akuluakulu a mpingo. Tsitsi linali loyera, koma ankaimabe motsamira mwendo umodzi. Anandizindikira msanga kuposa mkazi wake.

"Aise! Ndiwe kapena ndi mzukwa? Taona mmene wapindikira! Chala china unagulitsa?"

Anatambasula dzanja. Ine langa linali pabondo.

"Lapukeni, nyimbo ya Bwana Otaviyo imati chiyani?"

"Ya ndani?"

"Unandiuza kuti ikundithamangitsa. Awa unawauza kuti ikundiitana."

Anayang'ana ine, anayang'ana Setilida, anatsamiritsa njinga kukhoma mosamala kuti isakande penti. Kenaka anaseka, kuseka kwa munthu wokhuta.

"Chitaliyana? Ine? Aise, ine ndinkangodziwa mchere, madzi otentha ndi kutukwana. Inu nomwe ndi amene munkandikakamiza, masulira, masulira. Munthu wakufunsa, umusiye chimanjamanja?"

"Unanena zosiyana kwa anthu awiri."

"Kaya. Zakale izo, tinali anyamata. Ndani amakumbukira zimene ananena akusenda tomato?"

"Anali anyezi."

"Ona nanga, iwe ndiye wosunga zinthu." Anakhala pampando wake wa ndalema, anavula nsapato, anatambasula zala za kumapazi. "Ugona konkuno, sungapite dzuwa ili. Mayi a Firida, tamupherani nkhuku mlendoyu. Osati yaikulu ija, ikuikira."

Setilida anakhala kaye osasuntha. Anayang'ana mwamuna wake monga munthu amayang'anira nyumba imene wakhalamo moyo wonse atauzidwa kuti maziko ake ali pamanda. Ndinadikira kuti anene kanthu. Ndinadikira kuti mwina aimba. Koma anaika lichero pambali, anagwira bondo podzuka, anakutumula makoko a mtedza pachitenje, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba akuitana nkhuku.

Ndinanyamuka nkhukuyo isanagwidwe. Lapukeni anandikuwira kuti ndidzabwerenso nthawi ya mango.

Sanapepese. Ali komweko, ndi Setilida.